Khadi Limene a Inocencio Anatsika Nalo ku Chambe

A Inocencio analowa m'dziko muno ali kamwana, pamsana pa mayi amene sanali mayi awo. Inali nthawi imene nkhondo ya ku Mozambiki inafika ku Milanje, anthu n'kumathawa ndi chilichonse chimene dzanja lagwira. Mayi wina wa m'mudzi mwawo anawapeza akulira m'mbali mwa njira, anawabereka, n'kuwoloka nawo malire pa Muloza. Mayi awo enieni sanaonekenso. Tsiku lina tikuchokera ku mapemphero a mphakati ndinawafunsa ngati amawakumbukira. Anati amakumbukira nsalu yofiira ndi fungo la utsi, koma nkhope ayi. Anati akayesa kuiganizira amangoona ngati munthu wafulatira.

Ine ndinawadziwa atakula kale, atabwera kudzakwatira m'mudzi mwathu, kufupi ndi Likhubula. Tinkangowatchula a Ino. Mayi amene anawalera uja anamwalira nkhondo isanathe, ndipo anzawo othawa nkhondo atayamba kukwera malole obwerera kwawo, iwo sanadziwe kuti akatsikire pati. Anatsala. Anathyolako tiyi ku esiteti, kenako analowa ntchito yosenza matabwa kuchokera ku Chambe, pamwamba pa phiri. Amene sanaione ntchito imeneyi sangaimvetse. Munthu amatsika phiri lonse lija ndi thabwa lalitali pamutu, wopanda nsapato, akuthamanga pang'onopang'ono chifukwa akaima miyendo imanjenjemera. Mitengo yocheka itayamba kusowa, a Ino anayamba kunyamula zikwama za alendo okwera phiri. Ankati chikwama si cholemera, cholemera n'kudikira mwini wake amene akupuma pa mwala uliwonse.

Mkazi wawo anali Janeti, mnzanga wa ku tchalitchi ndi kunkhuni. Monga mwa mwambo wathu, a Ino ndiwo anabwera kudzakhala kwawo kwa mkazi, n'kumanga nyumba pa malo a apongozi awo. A Ino anali munthu wa mawu ochepa, pamene Janeti ankacheza ngakhale ndi nkhuku. Anakhala zaka zambiri opanda mwana, ndipo achibale ena anayamba kunong'ona kuti mkamwini ameneyu angopita. Janeti zitamufika m'khutu anayankha pagulu kuti, "Apite kuti? Kwawo ndi ine." Mwana atabadwa anamutcha Mwayi, ndipo ndine ndinamunyamula pa ubatizo.

M'chaka cha 2022, m'nyengo yozizira, kunabwera azungu ojambula kanema wa mitengo ya mkungudza. Katundu wawo anali wambiri moti analemba pafupifupi onse onyamula zikwama a kuno. Pagulu lawo panali mtsikana wa ku Blantyre dzina lake Favour, amene ntchito yake inali yosamala zimene zajambulidwa. Iyeyu ndiye anasankha a Ino kuti azinyamula bokosi lake, chifukwa anaona kuti saponda mwala asanauyang'ane.

M'bokosimo munali laputopu, tizipangizo tiwiri tosungiramo zithunzi, ndi kachipangizo kena kakuda, kakang'ono ngati sopo wosambira, kokhala ndi pakamwa pamodzi. Eni ake ankakatcha rida. A Ino anatifotokozera pambuyo pake kuti kamera za anthu amenewa sizigwiritsa ntchito timemole ta m'foni tija. Zili ndi makhadi akeake achitsulo, athyathyathya, aakulu ngati bokosi la machesi, ndipo khadi likamatuluka mu kamera limakhala lotentha ngati mbatata yootcha. Khadi lotere silingalowe mu foni kapena mu kompyuta. Limalowa mu rida mokha, ndipo ridayo ndi imene imatsanulira zithunzi mu laputopu. Favour anawauza kuti, "Bambo Ino, kamera zilipo ziwiri, koma rida ndi imodzi yokhayi. Ikanyowa, tonse tibwerera kwathu." Choncho chiperoni chikayamba, a Ino ankavula malaya awo n'kufunditsa bokosilo.

Tsiku limene gululi linkakwera phiri linakumana nafe m'njira, ine ndi Janeti tikutsika ndi mitolo ya nkhuni. Mzungu wa kamera anaima n'kuyamba kulankhula msangamsanga. Ine ndinapatukira kuseri kwa mtengo, chifukwa zojambulidwa sindizikonda. Janeti anaima pakati pa njira.

"Akufuna chiyani, bambo a Mwayi? Kwawo nkhuni kulibe?"

"Akuti mubwerere pamwamba apo, mutsikenso ngati mmene mumatsikira muja."

"Phiri limodzi nditsike kawiri? Ndiye mtolowu andisenzere iwowo."

Komabe anabwerera, n'kutsika akuimba kanyimbo ka Chilomwe kamene ankatonthozera mwana. Anamubweza kangapo. Pomaliza anayang'ana mu kamera momwemo n'kunena kuti, "Muwauze kuti ndasiya kalongonda pamoto. Akapserera abwere adzadye okha." Anaseka mpaka mtolo unapendekeka, ndipo mzungu uja sanasiye kujambula.

Atafika ku nyumba ya alendo ya pa Chambe, dzuwa lisanalowe, Favour analandira khadi kwa wa kamera, n'kulilowetsa mu rida. Patapita kanthawi anaitana kuti, "Bambo Ino, bwerani mudzaone madamu anu." A Ino anati chiyambire sanaonepo chithunzi choyera chotero. Ankaona ngakhale thukuta la pamphuno pa Janeti, ndipo mawu ake ankamveka ngati ali m'chipinda momwemo. Khadi litatuluka analiyang'anitsitsa, ndipo anaona kuti linali ndi kachipsera pakona. Anakasunga mumtima.

Pa tsiku lomaliza, Favour anatsogola kutsika ndi tosungira zithunzi tija kuti akafike ku Blantyre msanga. Azungu anatsala akulongedza, n'kumagawira onyamula katundu majekete ndi nsapato. Khadi limodzi linali litagwera pa mwala n'kung'aluka m'mbali, ndipo wa kamera analiika pa zinthu zokataya, poti sakanalikhulupiriranso. A Ino ataliona anazindikira kachipsera kaja. Anabweza jekete limene anawapatsa, n'kuloza khadilo. Ndi Chingerezi chawo cha m'phiri anayesa kufotokoza kuti muli mkazi wawo. Mzunguyo kaya anamva kaya sanamve, anangoseka n'kuwapatsa. Jekete anapatsa wina.

Ndinali pakhonde pawo tikusenda chinangwa pamene ankafika.

"Anzanu atsika ndi majekete ndi mabuti," anatero Janeti. "Inu mwatsika ndi chiyani?"

"Ndatsika ndi inu."

"Ine? Ine si uyu ndikusenda chinangwa?"

"Muli umu," anatero a Ino, akuonetsa khadilo.

Janeti analitenga, analinunkhiza, analigogoda pa mpeni. "Ndiye munditulutsemo ndipumeko mpweya. Mayi, mwaona amuna amene Mulungu anandipatsa? Chiperoni chikabwera adzafunda kachitsulo."

Tinaseka tonse. Palibe amene anakayika kuti Janeti alimo. Tonse tinkadziwa memole ya m'foni, kuti nyimbo ukaiikamo imakhala momwemo mpaka memoleyo itatayika. A Ino anaika khadilo m'chitini mmene ankasungira mapepala a ubatizo, ndipo anati tsiku lina akadzapita ku tawuni adzafufuza potsegulira. Panalibe chofulumirira. Mwini nkhope anali pomwepo, akukalipira mbuzi.

M'mwezi wa Malichi chaka chotsatira, mng'ono wake wa Janeti, Katarina, amene anakwatiwa cha ku Muloza m'munsi mwa phiri, anadwala matenda a uchembere. Janeti anapita kukamudikirira, n'kusiya Mwayi ndi bambo ake. Ndi masiku omwewo pamene inayamba mvula ya namondwe wa Freddy. Inagwa osapuma mpaka phiri linasungunuka. Akuluakulu ankati Napolo wadutsa. Katarina ndi khanda lake anapulumuka chifukwa anali adakali ku chipatala, ndipo ana ake ena anali atathawira ku sukulu ndi bambo awo. Janeti anali atabwerera kunyumba kwa Katarina kukaphika phala loti apititse ku chipatalako. Pamene panali nyumbayo panatsala miyala ikuluikulu yoposa ng'ombe.

A Ino anapita wapansi, chifukwa milatho inali itaduka. Anakumba ndi khasu pamodzi ndi ena, khasu litathyoka anakumba ndi manja. Anapeza anthu a eni ake, koma Janeti sanamupeze. Pomaliza achibale anagwirizana kuti tiike thunthu la nthochi m'malo mwa thupi, monga timachitira munthu akasowa m'madzi. Ndaimba pa maliro ambiri, kuphatikizapo a amuna anga, koma tsiku limenelo mawu anandikanika. Bokosi linali lopepuka moti onyamula ankachita manyazi.

Foni ya Janeti, imene munali zithunzi zake, inapita naye limodzi. Chitupa chakenso chimodzimodzi. Tinafufuza m'mudzi monse ndipo tinangopeza chithunzi chimodzi cha amayi a kwaya, mmene Janeti anaima kumbuyo, nkhope yake itabisika ndi duku la mnzake. Zimene zimaoneka ndi khutu ndi phewa basi.

Katarina anabwerera kumudzi kuno ndi banja lake lonse, chifukwa kumene ankakhala kunalibenso munda. Mwayi anali ndi zaka zitatu. Miyezi yoyamba ankafunsa za mayi ake tsiku lililonse, kenako anayamba kufunsa mwa apo ndi apo. Lamulungu lina tikutuluka m'tchalitchi, mwanayo anasiya dzanja la bambo ake n'kuthamangira mayi wina wachilendo amene anavala chitenje chofanana ndi cha Janeti. Anagwira chitenjecho n'kumayenda naye. Mayiyo atatembenuka, Mwayi anamuyang'ana kumaso, koma sanasiye. Sanadziwe kuti si iyeyo.

Ndinaona a Ino ataima chilili pa masitepe a tchalitchi. Tsiku lomwelo anatulutsa khadi lija m'chitini.

Masiku omwewo a Danieli, mchimwene wake wa Janeti, amene ndi mwini mbumba, anawaitana kuseri kwa nyumba. Ine ndinaitanidwa ngati mboni ya ku tchalitchi. A Danieli si munthu wankhanza, ndipo polankhula ankayang'ana pansi.

"Alamu, inu simunatilakwire chilichonse. Koma mukuona nokha mmene zilili. Katarina wabwera ndi ana, munda ndi womwewu. Tikakolola tidzakusudzulani, mukhale omasuka kukayamba moyo wina. Mwana akhala ndi amayi ake aang'ono. Mukafuna kudzamuona, khomo ndi lotsekula."

"Ndamva, alamu," anatero a Ino. "Ndipempheko chinthu chimodzi. Ndisachoke ndisanamusiyire mwanayu nkhope ya mayi ake. Ine ndakula osaidziwa ya mayi anga. Sindifuna iyenso adzayende choncho."

A Danieli anavomera. Ndipo kunena zoona, kukolola kumeneko kunadutsa osawakumbutsa.

A Ino anayambira kufufuza potsegulira khadilo pa Chonde, kwa che Hussein, bambo wa ndevu zoyera amene amakonza mafoni ndi kuika nyimbo m'mamemole. Zimene zinachitika kumeneko ndinazimva kwa Jailos, wa kabaza wa m'mudzi mwathu, amene anali pomwepo akutchajitsa foni. Che Hussein analitembenuza khadilo uku ndi uku, analiyang'ana ndi galasi lawo, n'kulibweza ndi manja awiri.

"Achimwene, ine ndakalamba ndi mafoni, koma nyama iyi sindinaionepo. Ili ndi khola lakelake."

"Aaa, che Hussein, mukuopa chiyani?" anatero Jailos. "Ichi n'chikopa chabe. Tengani sikuludiraiva mutsekule, kamemole kali m'katimo."

"Iwe Jailos, mutu wakowo titautsekula ndi sikuludiraiva tipezamo memole?"

"Mupezamo nyimbo zabwino kuposa zimene mumatiikira inuzi."

Anthu anaseka, ndipo wina anafunsa kuti kodi m'kachitsulomo muli chiyani chofunika chotero.

"Muli akazi anga," anatero a Ino.

"Ndiye athawira m'menemo? Munawatani?"

"Anapita ndi madzi aja."

Jailos akuti anavula chipewa osadziwa kuti wavula. Che Hussein anajambula khadilo ndi foni yawo mbali zonse, n'kunena kuti atumiza chithunzicho kwa anzawo okonza mafoni m'matawuni. Anawachenjezanso kuti asalole munthu aliyense kulitsekula kapena kulikakamiza pa bowo limene si lake.

Kuyambira pamenepo moyo wa a Ino unakhala wa khadi limeneli. Analikulunga m'pepala la shuga, n'kulimanga m'duku la Janeti, n'kumayenda nalo m'thumba la pachifuwa. Akakwera phiri ndi alendo, zimene apeza zinkathera m'minibasi. Anapita pa Nkando, ku boma, ku Luchenza, mpaka ku Limbe. Ojambula maukwati ku Limbe anawaonetsa marida a pakamwa pambirimbiri, koma panalibe pamene khadilo linalowa. Wina anafuna kulinola pa simenti kuti lichepe, ndipo a Ino anachita kumulanda. Wina anawauza kuti alisiye abwere mawa, iwo anakana, anagona pa depoti n'kubwerera. Anagulitsa njinga. Alendo akabwera ndi kamera ku Likhubula, ankawatsatira n'kuwaonetsa khadilo, mpaka anzawo anawadandaulira kuti akuthawitsa makasitomala.

M'mudzi anthu anayamba kunena kuti a Ino mutu wasokonekera. Ku mphakati anasiya kubwera. Ndinapita kukawaona, ndipo ndinawapeza atakhala pakhomo, Mwayi akugona pamiyendo pawo. Ndinawauza kuti Janeti ali m'manja mwa Ambuye, ndipo kumeneko tidzamuona maso ndi maso.

"Ndikudziwa, mayi," anatero. "Koma mwanayu akadzafika kumeneko adzamuzindikira bwanji?"

Ndinangopemphera nawo Atate Athu n'kubwerera.

Chaka chitatembenuka, mvula itatha, Jailos anafika pa liwiro ndi uthenga wa che Hussein. Mnzawo wina wa ku Blantyre anazindikira khadi la pachithunzi lija, ndipo ankadziwa mayi wina wojambula makanema a malonda amene ali ndi rida yake. Che Hussein ataimba foni anapeza kuti ndi Favour yemwe uja. Anawakumbukira a Ino, ndipo anati abwere tsiku lililonse.

A Ino anabwera kwathu nkhope ili ngwee, ngati ya mnyamata. "Mayi, inu munamunyamula mwanayu pa ubatizo. Tiyeni mukakhalepo akamakaona mayi ake."

Tinanyamuka m'mamawa. Katarina anamuveka Mwayi diresi la pa Khirisimasi n'kumudzoza mafuta mpaka kuwala. A Ino ananyamula chinanazi chachikulu choti akapatse Favour. Mu minibasi mwanayo anauza kondakitala kuti, "Ine ndikupita kukaona amayi anga." Kondakitalayo anati, "Ukawapatse moni, uwauze kuti mwana wawo ndi dona." Ine ndinagwira kolona yanga njira yonse.

Favour ankagwira ntchito m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ina. Anatilandira ndi chimwemwe, anaseka ataona chinanazi, n'kufunsa kuti, "Nanga madamu aja a kalongonda ali bwanji?" Che Hussein anali asanamuuze za imfa ya Janeti. A Ino anafotokoza mwachidule, kenako anamasula duku n'kuika khadilo patebulo. Favour anasiya kupukuta misozi n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo Ino, khadi ili munalitenga liti?"

"Tsiku lomaliza, inu mutatsika kale. Ndi lomwe lija. Onani kachipsera aka."

Mtsikanayo anatsegula pakamwa ngati akufuna kunena kanthu, koma anayang'ana Mwayi n'kungoti, "Tiyeni tione."

Anatulutsa rida m'dirowa. Khadi limene linakana mabowo onse a ku Limbe linalowa mosavuta ngati phazi mu nsapato yake. Kagetsi kakang'ono kanayamba kuphethira. A Ino anachita chizindikiro cha mtanda, ananyamula Mwayi n'kumukhazika pamiyendo pawo kutsogolo kwa laputopu.

Panaoneka thanthwe lalikulu la Chambe, ndi chiperoni chikuyenda pang'onopang'ono kulikuta. Chithunzicho chinali choyera ngati mmene a Ino ankanenera. Munthu panalibe.

"Dikirani," anatero a Ino. "Akubwera. Amatsikira cha kumanzere uku."

Tinadikira. Chiperoni chinakuta thanthwe lonse, chinatseguka pang'ono, chinakutanso. Kunja magalimoto ankaliza mabelu. Mwayi anasendeza nkhope yake pafupi n'kufunsa kuti, "Amayi ali kuseri kwa utsiwo?" Kenako chithunzicho chinatha.

"Bwezani, achemwali. Mwina tadumpha."

Favour anabweza, ndipo tinaonanso zomwezo mpaka kumapeto. Atatero anatembenuza mpando wake n'kugwira dzanja la a Ino.

"Bambo Ino, khadi si nkhokwe. Ndi ndowa yotungira. Tikatunga timakhuthulira mu mtsuko, ndowa n'kubwerera kumtsinje. Madamu anu ndinawakhuthula madzulo omwe aja munawaona. M'mawa mwake khadili tinalifufuta n'kulibwezera mu kamera. Linkajambula n'kufufutidwa tsiku ndi tsiku. Ichi mwaonachi ndi chimene linajambula komaliza."

A Ino anafunsa kuti, "Nanga mtsukowo uli kuti?"

"Anapita nawo eni ake kunja."

"Inu simunasungeko ngakhale pang'ono?"

"Satilola. Zonse zimakhala za eni kanema." Anapitiriza kuti, "Kanemayo anatuluka, ndinamuonera. Gawo la madamu anu sanaliikemo. Mukanandifunsa ine tsiku lija, ndikanakuikirani kachidutswa mu foni."

"Munali mutatsika kale," anatero a Ino.

Anafunsanso ngati zofufutidwa sizingabwerere, poti anamva kuti che Hussein nthawi zina amabweza zithunzi zotayika m'mafoni. Favour anati ayesa, ngakhale sankayembekeza kanthu. Tinakhala m'kachipindamo mpaka dzuwa linapendeka, Mwayi atagona pa chitenje changa. Zimene zinabwerera zinali zidutswa za masiku omalizira: khungwa la mtengo, mapazi a munthu wocheka matabwa, ndi mitambo ina. Favour analonjeza kuti alembera azungu aja kuti afufuze mu mtsuko wawo.

Potuluka a Ino anasiya khadilo patebulo. Anapinda duku lokha n'kuliika m'thumba. Mu minibasi Mwayi atadzuka anafunsa ngati tibwerenso mawa utsi ukachoka. Bambo ake anayang'ana pawindo, ndipo ndine ndinamuuza kuti amayi ake mulibe m'menemo. Analira pang'ono, kenako anapempha nthochi.

Yankho la kunja linabwera patapita miyezi, kudzera kwa che Hussein. Kampani ija inali itatha. Munthu amene Favour anamupeza anati anasunga zokhazo zimene zinalowa mu kanema, zotsalazo anafufuta kuti apeze malo a ntchito zina. Anapepesa kwambiri, ndipo anati akukumbukira kuti kunali mayi wina wosangalala wa nkhuni.

A Ino sanadikire kuti a Danieli awakumbutse. Anapita okha kukanena kuti ndi okonzeka. Mwambo wa kusudzula unachitika tsiku Loweruka, anthu ochepa atakhala pamphasa. A Danieli anayamikira mlamu wawo chifukwa cha zaka zonse zimene anasamala mlongo wawo, n'kunena kuti kuyambira tsikulo ndi womasuka. Kawirikawiri pa mwambo umenewu pamakhala abale a mwamuna odzamulandira kuti apite naye kwawo. Kumbali ya a Ino kunakhala ine ndi Jailos. A Ino anatenga bulangeti, mphasa, mpoto umodzi ndi khasu. Nyumba imene anamanga ndi manja awo analowamo Katarina. Mwayi anawaperekeza mpaka pa msewu atagwira chala chawo, kenako anabwerera kukasewera ndi abale ake.

Ntchito ya m'phiri anaisiya. Anati maondo atha, koma ndikuganiza kuti sankafunanso kudutsa njira ija. Anapeza kachipinda pa Nkando, kuseri kwa chigayo, ndipo amasenza matumba a nandolo ndi chimanga pamsika. Amabwera kudzaona mwana akapeza mpata. Mwayi wayamba sukulu, amawalandira bwino, koma za mayi ake safunsanso.

Mwezi wathawu ndinatsika pa Nkando kukagula mbewu, ndipo ndinawapeza atakhala pa mwala pafupi ndi sikelo, akudikira lole. Aonda, ndipo tsitsi layamba kuyera. Anandipatsa moni mwaulemu monga kale, anafunsa za mwana, za a Danieli, za anthu a ku mphakati. Nditatsanzika anandiitananso.

"Mayi, ndikufunseni. Janeti anali ndi kadontho kakuda pafupi ndi diso. Kanali mbali iti?"

Ndinatseka maso pakati pa msika pomwepo. Munthu ndinayenda naye kunkhuni zaka zonse zija, ndinakhala naye benchi limodzi m'tchalitchi. Kadonthoko ndinakaona kumanzere, ndipo ndisanayankhe ndinakaonanso kumanja. Ndinapempha Mulungu mumtima kuti andionetse, koma sizinatheke.

"Sindikudziwa, a Ino."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Inenso chandisokonekera sabata yathayi."

Lole inali itafika, ndipo wina anakuwa kuti, "Madala, matumba awa sadzikweza okha!" A Ino anadzuka, anapinda chiguduli chawo n'kuchiika paphewa, n'kupita.